Ululu ukatha si kuti fupa lagwira

Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Msaka sakangana ndi mwera. Mphepoyo ikamawomba mu June ndi July, amakokera bwato kumtunda, n'kukhala pamchenga kumasoka ukonde mpaka nyanja itadekha. Koma msodzi yemweyo athyoke mwendo, sabata yachitatu isanathe wayamba kale kuyang'ana mpeni woti ang'ambire chikhakha.

Sindimuweruza. Ana akufuna nsima, ndipo ngati wothyokayo ndi wa kabaza, mwini njinga yamoto akudikira ndalama yake ya tsiku. Chomupusitsa n'chakuti ululu umatha msanga fupa lisanalimbe.

Fupa likathyoka, magazi amaundana pamalo pothyokapo, ndipo m'masiku oyambirira pamatupa ndi kutentha. Pakatha masabata 2 kapena 3, thupi limakhala litaluka kanyama kofewa, konga chicherechere, kolumikiza mbali ziwirizo. Apa ndi pamene wodwala amati "ndapeza bwino", chifukwa mafupa asiya kukhulana. Komatu kanyamako kali ngati khoma la njerwa zosaotcha lomwe dothi lake silinaume. Kuti kasanduke fupa lenileni pamafunika masabata 6 mpaka 12 kwa munthu wamkulu, ndipo thupi limapitiriza kusalaza ndi kulimbitsa malowo kwa miyezi yambiri. Mwana wogwa mu mtengo wa mango mu November amachira mofulumira kuposa apa, n'chifukwa chake bambo sayenera kudziyerekeza ndi mwana wake.

Ukapondera msanga, fupa limatha kugwira mokhota, mwendo n'kufupika, kapena osagwirana n'komwe. Zikatero nkhani yomwe ikanathera pa chipatala chachikulu cha Mangochi imasanduka ulendo wa ku Zomba, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku LION, chipatala cha mafupa chomwe chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023. Masabata ochepa omwe munthu anafuna kupulumutsa amamudyera chaka.

Mayeso aakulu amagwera wothyoka fupa la pantchafu, monga zimachitikira pangozi zambiri za njinga zamoto mumsewu wa Liwonde ndi wa Monkey Bay. M'zipatala za m'maboma, kumene ntchito ya mafupa ili m'manja mwa ma orthopaedic clinical officer omwe dziko lino linayamba kuphunzitsa mu 1985, wodwala wotere kawirikawiri amamulowetsa kachitsulo m'fupa cha pabondo, n'kumangirirako chingwe chokhala ndi cholemera chokoka mwendo. Amagona chagada masabata 6 kapena kuposerapo. Kudya ndi pomwepo, kusamba ndi pomwepo, kudzithandizanso ndi pomwepo. Munthu amene dzana ankakoka chilimira lero akudikira mkazi wake amutembenuzire pilo. Kukwiya, kusowa tulo ndi kutaya mtima si zachilendo pabedi limeneli, ndipo wodwala akayamba kukana chakudya kapena kunena kuti kulibwino kufa, womudikirira awauze adokotala monga momwe akanawauzira za malungo.

Kudekha kumene tikunena kuno si kungogona phee. Mwendo wosagwira ntchito umaonda m'masabata ochepa, bondo limauma, ndipo khungu la kumatako ndi kuchidendene limachita zilonda. Choncho tsiku lililonse lili ndi ntchito yake: kugwedeza zala za kumapazi, kulimbitsa ndi kumasula mnofu wa pantchafu, kudzikweza ndi manja kuti kumsana kupite mpweya, kupuma mozama, ndi mafizo ena omwe achipatala alamula. Ambiri amapeza mpumulo akasiya kuwerenga masiku otsala n'kuyamba kuwerenga zomwe akwanitsa lero.

Pa chakudya, anthu a kunyanja tili ndi mwayi womwe timaunyozera. Usipa wodyera limodzi ndi minga yake uli ndi calcium ndi zomanga thupi zomwe fupa likufuna. Onjezanipo nyemba, mazira, chisoso kapena bonongwe. Fodya ndiye mdani: amachepetsa magazi ofika pabala, ndipo mafupa a osuta amachedwa kugwira. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a shuga asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Pali zina zosafunika kudekha nazo. Zala zikachita dzanzi, zikazizira kapena kuda m'chikhakha, ululu ukamakula m'malo mochepa, pakachitsulo pakamatuluka mafinya, kapena wodwala akayamba kubanika mwadzidzidzi, thamangirani kwa achipatala ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndipo achibale, musamangoti "pirirani, achimwene" mutapinda manja. Munthu amang'amba chikhakha chifukwa m'nyumba mwatha ufa. Ngati anzake a pabwato amusungira gawo la nsomba, a kumzikiti kapena kutchalitchi abweretsa thumba la chimanga, ndipo mwini njinga wavomera kudikira, wodwalayo adzafika tsiku lomuunikanso chikhakha chili chathunthu, adokotala n'kuyang'ana chithunzi cha fupalo asanamuuze kuti ayambe kupondera ndi ndodo.