Ndege Ikangokhala, Injini Imachita Dzimbiri

Anzanga, ambirife timaganiza kuti injini imatha chifukwa chogwira ntchito kwambiri. Koma pa ndege zing'onozing'ono monga Cessna 172, kungokhala osauluka n'kumene kumaipha msanga. Mdani wake ndi dzimbiri, lomwe lija la misomali ya mu Chemistry. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi oxygen, basi zavuta.

Mwina mufunsa kuti, madziwo alowa bwanji mu injini yotseka? Amapangika momwemo. Lita imodzi ya petulo ikayaka imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi. Yambiri imatulukira ku ekizozi, koma ina imazemba m'mbali mwa mapisitoni n'kukafika ku oilo. Injini ikazizira, nthunziyo imasanduka timadontho ngati mame a m'mawa. Masiku akamapita, oilo amatsetsereka kusiya zitsulo pambalambanda. Mu injini za Lycoming, chitsulo chotsegula mavavu chotchedwa camshaft chili pamwamba, ndiye chimauma msanga. Dzimbiri limaboola timaenje, chitsulo n'kuyamba kunyenyeka, injini n'kuchepa mphamvu. Paja kumwamba kulibe koimika pambali ngati minibasi!

Mankhwala oyamba ndi kuuluka. Kampani ya Lycoming imalangiza kuti ndege iuluke ola lathunthu pasanathe masiku 30, oilo atatentha madigiri 74 mpaka 93 Celsius, kuti madzi auluke. Kungoiliza pansi mphindi zochepa n'kudzinamiza: imawonjezera nthunzi koma siitentha mokwanira kuichotsa. Oilo naye asapitirire miyezi inayi, ngakhale ndege isanayende kwambiri.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Mukudziwa timapaketi ta silica gel topezeka m'bokosi la nsapato zatsopano? Amakaniko a ndege amagwiritsanso ntchito zomwezo. Ndege ikati ikhalitsa, amachotsa mapulagi ena n'kuika apadera odzaza silica gel woyamwa chinyezi. Wabuluu akasanduka wapinki, ndiye kuti wakhuta, asinthidwe. Ena amalumikiza kapampu kakang'ono kopopera mpweya wouma mu injini kudzera pothirira oilo.

Sitonse tidzagwire ndege, inde. Koma jenereta, njinga yamoto ndi injini ya chigayo n'chimodzimodzi, makamaka nyengo ya dzinja. Mukaona ina ili phee miyezi, muwauze eni ake kuti mkatimo ikudyeka.