Mtengo wa mapeyala m'ndowa ku Chinsapo

Ana athu ambiri ochokera kunyanja kuno akukhala nyumba za lendi ku Chinsapo, ku Lilongwe. Walendi sadzala mtengo pabwalo la eni, koma m'ndowa yakutha angathe. Tsiku losamuka ndowayo imakwera nawo galimoto.

Auzeni aboole ndowayo pansi, poti mizu ya mapeyala imaola madzi akadikha. Njere ikhale yongochotsa kumene m'chipatso, kosongoka kuloze kumwamba, nsonga izionekera. Madzi otsala pa wudhu akwanira kuthirira. Mwezi umodzi kapena iwiri yamera, Insha Allah.

Komatu abale, mtengo wa njere umachedwa, zaka 5 ngakhale 10 usanabereke. Tsinde likakula ngati pensulo, alangizi aumezanitse ndi Hass kapena Fuerte. Womezanitsa umabereka pa zaka 3 kapena 4. Mvula ikakhazikika mu Disembala, autumize kumudzi mudzauwokere pamtunda posadikha madzi.