BUKU LA MAINA NDILO MUZU WA KALABU

 Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna tikambirane za buku lija asunga alembi a kalabu yanu, lolembamo maina a mamembala, limene ena alitcha kaundula.

Chaka china ndinapeza mai wina atakhala pansi pa mtengo, kunja kwa malo ogulitsira feteleza wotsika mtengo. Ndalama anali nazo, mtunda anayenda wautali, koma makina anamkana. Kumudzi anthu onse amamuitana ndi dzina la mfunda wake, ndipo wolemba maina analemba lomwelo, pamene pa chiphaso chake cha unzika panali dzina lina. Pamene zinthu zinakonzeka, chimanga chake chinali chitapitirira nthawi yothira feteleza. Njala ya banja limenelo inayambira pa cholembera.

Kulemba maina si chinthu chachilendo kwa ife. Mu 1968 Boma linayamba nchito ya Lilongwe Land Development Programme m'dera lathu lino ndi chithandizo cha World Bank, ndipo akuluakulu akumbukira m'mene minda ya mabanja inalembedwera monga ndunda. Mu 1973 nchito yomweyi inayamba kupereka ngongole ya mbeu ndi feteleza kwa alimi a m'magulu. Lamulo lake linali louma: munthu mmodzi akalephera kubweza, gulu lonse silinkalandiranso. Chifukwa cha ichi mlimi aliyense ankafunitsitsa kudziwa amene walembedwa naye pamodzi, ndipo kwa zaka zambiri, kufikira chilala cha 1992, ngongole yobwezedwa inkapitirira 90 pa 100 iliyonse.

Tsono zinthu zinasintha. Mu 2017 a National Registration Bureau analemba anthu m'dziko lonse napereka ziphaso za unzika. Mu 2020, pamene Boma linayamba AIP, mlimi anayamba kugula feteleza ndi chiphaso chimenechi m'malo mwa makuponi aja anayamba mu 2005. Masiku ano maina ochokera m'midzi ndi m'makalabu amakalowa mu kompyuta.

Kodi kompyuta ichita chiani ndi maina? Musaiope, ndi buku lalikulu chabe. Munthu aliyense ali ndi mzere wakewake, ndipo imampeza msanga poyang'ana nambala yake. Koma siidziwa nkhope, siidziwa mfunda, ndipo siimva maliro. Chimene mwaipatsa ndicho idzakubwezerani. Mukalemba molakwa m'buku la kumudzi, cholakwacho chidzayenda kufikira ku likulu, ndipo kuchibweza kumeneko ndi nchito yaikulu. Ndiye chifukwa chake ndikupemphani zinthu zisanu.

Choyamba, lembani dzina monga liliri pa chiphaso, chiphasocho chili patsogolo panu. Dzina loitanira kumudzi mulilembe pambali. A Phiri ndi a Banda ndi ambiri. Chowasiyanitsa ndi nambala.

Chachiwiri, nambala ya chiphaso ili ndi zilembo ndi manambala zosakanizana. Chenjerani ndi zimene zifanana, monga S ndi 5, kapena B ndi 8. Mmodzi alembe, wina awerenge mokweza.

Chachitatu, munthu aliyense akhale ndi mzere wake, wokhala ndi mudzi, mfumu yake, kukula kwa munda, mbeu zimene alima, tsiku lolowa m'kalabu ndi ndalama zimene wapereka. Mai akakhala membala alembedwe m'dzina lake, osati la mwamuna wake ai.

Chachinai, munthu akamwalira, akasamuka, kapena akapita kuchikamwini kutali, musang'ambe tsamba, musafafanizenso. Dulani mzere umodzi pa dzinalo kuti liziwerengekabe, lembani tsiku ndi chifukwa, ndipo uzani alangizi kuti akakonzenso mu kompyuta.

Chachisanu, lembani ndi inki m'buku lachikuto cholimba, ndipo mabuku akhale awiri, lina kwa alembi, lina kwa apampando. Chiswe, moto ndi denga lodontha sizichenjeza. Amene asunga maina mu foni, buku asalitaye, pakuti foni imabedwa.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Palibe wina adziwa anthu a m'mudzi koposa inu. Mudziwa amene munaika m'manda, amene ali ku Joni, ndi amene alibe ngakhale mzere umodzi wa munda. Mukadinda chidindo chanu pa maina, mwachitira umboni kuti anthuwo alipo. Dzina limodzi labodza lichotsa thumba m'manja mwa mlimi weniweni, kapena lisiya ngongole imene ena adzabweza ndi mbuzi zao. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buku lingakhale loyera ndi lolembedwa bwino, koma likakhala ndi maina a akufa, laola. Chotero mvula isanagwe itanani anthu pabwalo, ndipo alembi awerenge maina onse mokweza, aliyense amve lake ndi la mnzake.

Chotsiriza ndi ichi: zolembedwa m'bukumo ndi za eni ake. Kuyambira mu 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, lotchedwa Data Protection Act. Musapereke maina, manambala a ziphaso kapena a foni kwa mlendo aliyense wobwera ndi malonjezo. Mufunseni kumene wachokera ndi chimene afuna kuchita nao, ndipo mamembala avomere poyamba. Ziphaso zenizenizo musasonkhanitse m'thumba la munthu mmodzi. Chiphaso chigone m'nyumba ya mwini wake.

Sabata ino tsegulani buku lanu, muliyerekeze ndi ziphaso dzina ndi dzina. Pamene pakuvutani, pitani nalo kwa alangizi a kwanuko.