Za M'kati mwa Tabuleti

M'sukulu za bungwe la Impact Network ku Katete ndi ku Sinda, ana aphunzira ndi tabuleti. Cipangizoci n'copyapyala ngati sileti, ndipo ciri ndi ziwalo zitatu zazikulu: galasi loonetsa malemba, batire losunga moto, ndi kathabwa ka tizitsulo tosunga maphunziro.

Wailesi ya Saucepan, imene inafika m'dziko muno mu 1949, inali ndi batire lapadera. Likatha, mwini wace anangolumikiza lina. Koma matabuleti ambiri ang'ono amamatidwa ndi guluu. Mmisiri ayenera kufunditsa guluuyo ndi kukanganula galasi pang'onopang'ono. Akafulumira, galasi lisweka. Akaboola batire, moto ungabuke.

Cifukwa cace mwana wanzeru sasiya tabuleti padzuwa, pakuti kutentha kumatupitsa batire, ndipo tabuleti ikafa, anzace onse asowa pophunzirira.