MAULALO OSAONEKA AMENE AOLOTSA MAUTHENGA ATHU

Wolemba Mtolankhani Wathu

MUNTHU wokhala m'komboni ya Chazanga, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, akamapita kwao ku Petauke kapena ku Katete aoloka pa ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968. Koma akatumiza ndalama za feteleza pa lamya ya m'manja, uthenga wake uoloka pa maulalo ena amene sitiwaona.

Makina onyamula mauthenga alumikizidwa m'magulumagulu. Pamene magulu awiri akumana paikidwa cipangizo cochedwa "bridge" m'Cingelezi, ndiko kuti ulalo. Cipangizoci cisunga keyala ya makina onse amene alankhula naco, ndiponso mbali imene ali. Uthenga ukafika ciyang'ana keyala. Ngati mwini uthengawo ali tsidya lija ciuolotsa, koma ngati ali tsidya lino ciusiya. Motero njira sidzaza ndi mauthenga osocera.

Maulalo amenewa ayang'anirana okhaokha. Mu 1985 Mai Radia Perlman a ku America anapeza njira yakuti maulalo azidziwitsana kuti ali moyo. Pa njirayi, kauthenga katumizidwa masekondi 2 alionse. Pakapita masekondi 20 kuli zii, maulalo enawo adziwa kuti pagwa bvuto, ndipo atsegula njira ina imene inali yotseka.

Anthunso sagona. Makampani a lamya monga Zamtel, MTN ndi Airtel ali ndi akatswiri amene apenyerera makina usana ndi usiku, ndipo pakaduka paoneka pa kompyuta nthawi yomweyo. Pamwamba pao pali bungwe la Boma la ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009, limene liona ngati makampaniwo atumikira bwino anthu.

Komabe kuona bvuto si kulithetsa. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo milongoti ya lamya inadalira mabatire ndi dizilo. M'tauni mlongoti umodzi ukazima wina ungathandize, koma kumudzi kawirikawiri njira ndi imodzi yokha. Mbala ikaba mabatire kapena kudula nthambo, akatswiri ku Lusaka aona msanga, koma ulendo wokakonza ndi wautali. Pamenepo ndalama za feteleza zicedwa, ndipo wodwala asowa poitanira galimoto.

Cifukwa cace mafumu, anyakwawa ndi anthu onse apemphedwa kusunga milongoti ya m'dera lao, kusatentha chire pafupi nayo, ndi kuuza apolisi akaona munthu akukumba nthambo.