Mapiritsi Ochepetsa Mafuta M'magazi: Musawasiye Opaleshoni Ikayandikira

M'sewero lija la pa wailesi, mayi wina anabisa mapiritsi a amuna ake patangotsala masiku ochepa kuti bambowo akachitidwe opaleshoni ya mtsempha wa magazi wa m'mwendo. Mayiyo anamva kwa anzake kuchitsime kuti mapiritsiwo amaononga minofu. Ankafuna kuteteza amuna ake, koma anaika moyo wao pachiswe. Amayi, popeza ndinu amene mumasamalira odwala pakhomo, tiyeni tione pamene panalakwika.

Kodi mankhwalawa ndi otani?

Mafuta otchedwa cholesterol akachuluka m'magazi amakanirira m'kati mwa mitsempha, monga momwe dzimbiri limatsekera paipi ya madzi. Magazi amavutika kudutsa. Mwendo umapweteka poyenda, zilonda za kumapazi sizipola msanga, ndipo mtima kapena ubongo ukhoza kusowa magazi. Mankhwala a gulu la statin, monga simvastatin ndi atorvastatin, amachepetsa mafuta amene chiwindi chimapanga. Oyamba mwa mankhwalawa anavomerezedwa ku America m'chaka cha 1987.

Kodi amaonongadi minofu?

Anthu ena amamva kuphwanya m'ntchafu, m'akatumba kapena m'mapewa. Koma kuonongeka kwenikweni kwa minofu kumachitika mwa apo ndi apo. Kukachitika, zotuluka m'minofu yoonongekayo zimalowa m'magazi ndipo zikhoza kuvulaza impso. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi okalamba, odwala impso, ndi omwa mowa kwambiri.

Nanga pa nthawi ya opaleshoni?

Pokonza mtsempha, dokotala amautseka kwa kanthawi, choncho minofu imakhala yopanda magazi okwanira. Wodwala amagonanso nthawi yaitali osatembenuka. Zimenezi pazokha zimavulaza minofu, ngakhale kwa munthu amene samwa statin. Madokotala apeza kuti phindu lopitiriza kumwa mankhwalawa limaposa ngozi yake. Munthu amene mitsempha ya m'miyendo yatsekeka, kawirikawiri ya mumtima nayonso imakhala yodwala, ndipo opaleshoni imalemetsa mtima. Kusiya mapiritsi mwadzidzidzi pa nthawi imeneyi kumaonjezera ngozi ya matenda a mtima.

Zoyenera kuchita

1. Onetsetsani kuti wodwala akumwa mapiritsi monga anauzidwira, kufikira dokotala yekha atanena kuti asiye.
2. Tengani mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba, mukawaonetse dokotala. Erythromycin, clarithromycin ndi ma ARV ena, monga okhala ndi ritonavir, sagwirizana ndi simvastatin.
3. Akachitidwa opaleshoni, funsani anamwino tsiku loyambiranso kumwa.
4. Ngati inuyo mukumwa statin ndipo ndinu oyembekezera, mukufuna kutenga pakati kapena mukuyamwitsa, uzani azaumoyo msanga. Nthawi zambiri amakusiyitsani kaye.

Zizindikiro zoopsa

Thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo mukaona izi:

- kupweteka kwambiri kwa minofu popanda ntchito yolemetsa;
- kufooka mpaka kulephera kudzuka pa mpando;
- mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka;
- kukodza pang'ono kusiyana ndi masiku onse.

Kumeneko adzayeza magazi kuti aone ngati minofu yavulala ndiponso ngati impso zikugwira ntchito bwino. Akhoza kuimitsa mankhwala, kuchepetsa mlingo kapena kupereka mtundu wina.

Kumbukirani, amayi: safunsa anadya phula. Mukamva mphekesera za mankhwala, kafunseni ku chipatala musanachotse mapiritsi m'manja mwa wodwala.