Chipsepse chimodzi, mapazi awiri: kusankha nsapato ya monofin

Anthu akaiona monofin koyamba, maso awo amathamangira pa chipsepse chachikulucho, chotambalala masentimita pafupifupi 70, chopangidwa ndi fibreglass kapena carbon, chooneka ngati mchira wa dolphin. Amachigwira, amachipinda, amafunsa mtengo. Ndi ochepa amene amasuzumira m'timatumba tiwiri ta labala tolumikizana pakati, momwe mumalowa mapazi. Koma ine amene ndimaphunzitsa anthu kusambira kuno ku Cape Town ndaona kuti munthu akaisiya monofin yake m'galaja n'kuiiwala, kawirikawiri chamugonjetsa ndi timatumba timeneti.

Chida ichi chinatchuka ku Soviet Union chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chinasinthiratu mipikisano yosambira ndi zipsepse. Masewerawa amayendetsedwa ndi bungwe la CMAS, lomwe linakhazikitsidwa ku Monaco mu 1959 ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Jacques-Yves Cousteau. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Hanover, m'dziko la Germany, mu 1976. Liwiro lake ndi lodabwitsa: akatswiri aamuna amatha kudutsa mamita 50 pansi pa madzi m'masekondi osakwana 14, pamene katswiri wosambira ndi manja ndi miyendo yokha amafunika masekondi oposa 20. Ena amaigwiritsa ntchito pomira mozama ndi mpweya umodzi. Mu 2023 Alexey Molchanov wa ku Russia anatsika mamita 136 n'kubwerera yekha, atavala monofin.

Mphamvu yonseyi imadutsa pamalo amodzi. Wosambira amatambasula manja kutsogolo, thupi limayenda ngati funde kuchokera pachifuwa, kupyola m'chiuno, m'ntchafu, mpaka kumapazi, ndipo phazi ndi lomwe limapereka mphamvuyo ku chipsepse. Phazi likamagwedera m'thumba mwake, zimakhala ngati khasu logwedera pampini: umatema ndi mphamvu zako zonse koma theka lake limathera m'kugwederako, ndipo manja amatuluka matuza. Apa matuzawo amatuluka pamwamba pa zala zakuphazi, pamsana pa phazi, ndi kumbuyo kwa chidendene pamene pamadutsa lamba.

N'chifukwa chake akatswiri amavala zothina koopsa. Mukadzaonera mpikisano, yang'anitsitsani zomwe zimachitika mphindi zochepa asanayambe. Munthu amakhala pansi m'mphepete mwa dziwe, amapaka mapazi sopo wamadzi, amalowetsa zala, amakankha, amakoka labala ndi manja onse awiri nkhope itachita makwinya. Zala zimapindika pang'ono mkatimo. Akangomaliza mtunda wake, chinthu choyamba chomwe amachita ali m'madzi momwemo ndi kuivula. Iye wasankha kumva ululu kwa mphindi zowerengeka kuti asataye mphamvu ngakhale pang'ono.

Vuto limabwera munthu wongoyamba kumene akamva zimenezi n'kuganiza kuti monofin yabwino ndi yomwe imapweteka. Amagula yocheperapo ndi saizi imodzi kapena ziwiri, n'kubwera nayo kudzaphunzira kwa ola lathunthu. Pakatha mphindi khumi zala zachita dzanzi. Posakhalitsa minofu yapansi pa phazi yakokana, katumba wauma, munthu wagwira chingwe cha dziwe akubuula. Izi zimandiwawa mtima, chifukwa munthu wotereyu amapita kwawo akuganiza kuti masewerawa si ake, chonsecho anangovala nsapato ya mpikisano pa tsiku lophunzira. Komanso m'nyanja kukokana kwa minofu ndi ngozi yeniyeni, pakuti miyendo yonse iwiri ili m'chinthu chimodzi ndipo sungaponde madzi mwachizolowezi.

Ndiye funso loyamba lomwe ndimafunsa ndi lakuti: mukufuna kukhala nayo kumapazi nthawi yaitali bwanji? Ngati ndi yophunzirira kapena yosangalalira, phazi lizigwiridwa mbali zonse mofanana, chidendene chisamadzuke mukamenya madzi, koma zala zizitha kugwedezeka pang'ono. Muzitha kukhala nayo theka la ola osalakalaka kuivula. Opanga ambiri amagulitsa labala wofewa ndi wolimba, ndipo wofewayo ndi amene amayenera woyamba kumene, ngakhale amataya mphamvu pang'ono.

Saizi ya nsapato zanu zoyendera musaidalire. Nambala 42 ya kampani ina si nambala 42 ya inzake, ndipo nsapato wamba timagula yosiya kampata kutsogolo. Ikani pepala pansi, pondanipo mutaimirira, wina ajambule mozungulira phazi pensulo itaima chilili. Yezani ndi lula mamilimita kuyambira pachidendene mpaka pa chala chachitali kwambiri, komanso kutambalala kwake pamene zala zimayambira. Chitani izi madzulo, mapazi atatupako ndi kuyenda kwa tsiku lonse, ndipo yezani onse awiri chifukwa nthawi zambiri limodzi limakhala lalikulupo. Chomwe ambiri amaiwala ndi kutalika kwa msana wa phazi. Anthu awiri akhoza kukhala ndi mapazi aatali mofanana, koma wa msana wotukuka labala amamudinda pamwamba mpaka magazi kuvutika kuyenda. Ambiri a ife amene tinakula tikuyenda opanda nsapato tili ndi mapazi otambalala, zala zotayana, ndipo timatumba topapatiza timatifinya m'mbali ngakhale kutalika kuli koyenera. Kuli makampani monga Waterway a ku Ukraine ndi Leaderfins a ku Estonia amene amadziwika pa zida zimenezi, ndipo opanga ena amaumba timatumba motsatira miyeso yomwe wogula watumiza.

Tsopano za masokosi, zomwe zimafunika kuganiziridwa musanagule monofin, chifukwa nawo amatenga malo. Alipo a nsalu yopyapyala yotanuka, amene ntchito yake ndi kungoteteza khungu kuti lisanyuke. Alipo a neoprene, labala wa thovu yemwe amasokera zovala za omira m'madzi, ndipo amagulitsidwa potengera kukhuthala: milimita imodzi ndi theka, ziwiri, zitatu, kupita m'tsogolo. Ena amangovala kachipewa ka neoprene kophimba zala zokha. Kuno kumbali ya nyanja ya Atlantic madzi amatha kuzizira kufika madigiri 12, ndipo popanda sokosi yokhuthala zala zimafa dzanzi msanga. Pa nyanja ya Malawi, ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, madzi apamwamba ndi ofunda chaka chonse, choncho yopyapyala ndi yokwanira. Sokosi ikhale yogwira bwino, yopanda makwinya, ndipo msoko wake usagwere pa fupa. Khwinya laling'ono lomwe simulimva muli kumtunda limasanduka chilonda mukamenya madzi kambirimbiri.

Neoprene ali ndi khalidwe lina lomwe omira mozama ayenera kulidziwa. Mkati mwake muli timathovu ta mpweya, ndipo pa mamita 10 okha kupanikiza kwa madzi kumakhala kutawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba. Timathovuto timafinyika, sokosi imapyapyala, ndipo phazi lomwe linali lokwana bwino pamwamba limayamba kugwedera pansi, pomwe munthu akufuna mphamvu zake zonse kuti akwere. Choncho kudzaza thumba lalikulu ndi sokosi yokhuthala kumathandiza m'dziwe, koma si nzeru kwa wotsika mozama. Ndipo poti tatchula zomira: musamire mutagwira mpweya muli nokha, ngakhale m'dziwe losazama. Munthu amatha kukomoka popanda chenjezo lililonse.

Anthu ena anatopa nayo nkhani ya labala n'kupeza njira ina. Zida monga Lunocet ndi DOL-Fin, zopangidwa ku America, zimamangidwa ndi mabawuti pansi pa nsapato za opalasa njinga zampikisano, zija za pansi polimba. Phazi limakhala m'nsapato yeniyeni yomwe mutha kuyesa m'sitolo, kuimanga kapena kuimasula. Kwa wa mapazi ovuta ndi mpumulo waukulu, ngakhale kasambiridwe kake kamamveka mosiyana ndi monofin yachizolowezi.

Ngati pali mnzanu kapena kalabu yomwe ingakubwerekeni, yesani m'madzi musanagule, chifukwa labala wouma ndi phazi louma zimanama. Wengani zikhadabo, nyowetsani mapazi ndi timatumbato, lowetsani pang'onopang'ono osakoka lamba mwaukali, kenako sambirani mphindi makumi awiri. Mukavula, yang'anani mapazi. Kufiira kofanana ponseponse komwe kumatha msanga si vuto. Kadontho kamodzi kofiira kwambiri, kapena zala zoyera ndi zozizira, ndi chizindikiro chakuti imeneyo si yanu. Woitanitsa pa intaneti kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chipata alibe mwayi woyesa, ndipo kubweza katundu wamkulu chotere kumadya ndalama zambiri. Atumize chithunzi cha chojambula cha mapazi onse awiri lula ili pambali, atchule kukhuthala kwa sokosi yomwe azivala ndi nthawi yomwe azikhala m'madzi, ndipo asalipire mpaka wopangayo atamuyankha za saizi ndi kufewa kwa labala.